Mose ndi Aroni, abale awiri pa Sinai

Aroni anali wamkulu kwa Mose ndi zaka zitatu, komanso wodziwa kulankhula. Mose anali wa lilime lolemera, choncho kwa Farao womulankhulira anali Aroni.

Pa Sinai mpamene anasiyanira. Mose atakhalitsa kuphiri masiku 40, anthu anapanikiza Aroni, iye n'kugonja. Anasonkhanitsa ndolo zagolide n'kuwapangira fano la mwana wa ng'ombe, ndipo atafunsidwa anati linangotuluka m'moto! Mose anaphwanya magome a malamulo ndi ukali, komabe anabwereranso kwa Mulungu kukawapepesera, nati ngati sawakhululukira, amufafanize iyeyo m'buku lake. Apa mpamene Mose amandigwira mtima.

Onsewa sanalowe m'Kanani. Aroni anamwalira paphiri la Hori ali ndi zaka 123, Mose paphiri la Nebo ali ndi zaka 120.