Edebug, debug kapena macroexpand: macro ikavuta mu Emacs tigwire chiti?

Anzanga olemba Emacs Lisp kuno ku Blantyre, vuto ili mukulidziwa. Mwadina C-u C-M-x pa function, Edebug, chida choyendetsa code pang'onopang'ono posaka zolakwika, ikuyenda bwinobwino nthawi iliyonse mukadina SPC, koma ikafika pa macro (code yomwe imabala code ina) yomwe munalemba nokha imangodutsa osaima, ngati minibasi yodzaza pa Ginnery Corner. Zonse za m'kati mwa macroyo zachitika inu osaziona.

Si kuti Edebug yawonongeka ayi. Siidziwa kuti pa zomwe mwapatsa macro, ndi ziti zidzayendetsedwe ngati code ndipo ndi ziti zili dzina chabe. Popeza edebug-eval-macro-args imabwera ili nil, imangozisiya. Muyenera kuiuza nokha polemba malangizo otchedwa spec: mu defmacro lembani (declare (debug (symbolp body))) ngati choyamba ndi dzina ndipo zotsalazo ndi code, kapena (debug t) ngati zonse ndi code. Macro ikakhala ya munthu wina, def-edebug-spec mu init.el yanu imagwira ntchito yomweyo. Apa mpomwe Edebug imaposa zinzake: mumaima pamzere womwe munalemba ndi manja anu, n'kuona zomwe watulutsa. Koma ndi yamakani. Spec ikapanda kugwirizana ndi momwe mwaitanira macro, imakana function yonse. Komanso macroyo ikhale italowa kale mu Emacs musanadine C-u C-M-x, apo ayi Edebug idzaiyesa function wamba. Mukasintha spec, dinaninso.

Debugger wamba, ija ya toggle-debug-on-error, sifunsa spec. Pakalakwika imatsegula backtrace, ndipo mumadina d kulowa m'kati, c kupitirira, e kufunsa variable. Chokhacho, nthawi zambiri imakuonetsani code yotambasulidwa kale, yosafanana ndi ya mufayilo yanu. Imathandiza kudziwa pomwe pagwa, basi.

Njira yachitatu, ya macroexpand, siyendetsa kanthu. pp-macroexpand-last-sexp imangotambasula macro n'kukuonetsani zomwe yabala, ndipo macrostep ya ku MELPA, nkhokwe ya ma package a Emacs, imachita zomwezo pang'onopang'ono mu buffer momwemo. Cholakwa chikakhala mu macro mwenimwenimo, monga comma (,) yoiwalika mu backquote kapena argument yoyendetsedwa kawiri, Edebug ya pa function yoitana siingakuonetseni bwino, pomwe apa chimaonekera poyera. Ena amakopera zotambasulidwazo mu function n'kuziika pa Edebug. Zimatheka, koma chenjerani ndi mayina opangidwa ndi make-symbol: mukawakopera amasanduka mayina wamba, ndiye mukhoza kuyamba kusaka vuto lomwe mu code yeniyeni mulibe.

Ine macro iliyonse yokhala ndi body ndimailembera spec tsiku lomwe ndaipanga, pakuti ndi mzere umodzi wokha. Ikayamba zachilendo ndimathamangira kaye ku macroexpand, ndipo Edebug ndimaiitana ndikatsimikiza kuti zotambasulidwazo zili bwino.