Miyezi 14 ndi mlangizi wanga wa zachuma

Mu Januwale 2024, patangotha miyezi iwiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndinakagogoda pa ofesi ya mayi ena olangiza za ndalama ku Blantyre. Ndalama zomwe ndinalandira posiya ntchito zinali zitangogona mu akaunti, pomwe mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira unkakwera ngati ukuthamangitsidwa. Pomwe ndikulemba izi, mu Malichi 2025, papita miyezi 14.

Satifiketi zilipo pakhoma, anaphunzira za akaunti ku Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS. Koma chomwe chandipindulira ine ndi komwe anayambira ntchito. Zaka zambiri anali kubanki, mbali yolondola ngongole, kuona anthu akulandidwa magalimoto ndi nyumba. Ndiye ine nditafika ndi chidwi cha masheya a Airtel ndi NICO, iwo sanazitengere n'komwe.

"Bambo, ngongole muli nazo zingati?"

Ndinatchula ya kubanki.

"Nanga ya banki mkhonde? Nanga katapila?"

Ndinazyolika. Ya katapila ija ngakhale mayi akunyumba sankaidziwa. Anandiuza kuti palibe sheya pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange yomwe ndingaidalire kuti ipose chiwongoladzanja cha katapila mwezi ndi mwezi, choncho tinayamba ndi kutseka dzenje limenelo. Zotsala anazigawa: zokwana kudya miyezi itatu zikhale pafupi, gawo lalikulu tikongoze boma kudzera mu Treasury bills za masiku 182 ndi 364, kagawo kochepa ndiko kanapita ku masheya kudzera kwa broker, yemwe amagulira ndi kugulitsira anthu masheya.

Chomwe chinandiseketsa poyamba, mu bajeti anaikamo mzere wa maliro ndi achibale. Lero sindiseka. Malume atamwalira mu Julaye, bokosi ndi galimoto yopita kumudzi zinachokera pamzere umenewo, sindinakhudze china chilichonse. Munthu wongodziwa za m'mabuku sakanaganiza zimenezo.

Sanandinamize za phindu. Ananeneratu kuti mitengo ya zinthu ikukwera pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndiye chiwongoladzanja cha Treasury bills, akachotsaponso msonkho, chikungochepetsa bala, sichikupoletsa. Ndi mmene zakhaliradi. Masheya ndiwo akwera bwino, moti nthawi zina ndimadandaula kuti bwenzi titaikako zambiri, ngakhale ndikudziwa kuti kulimba mtima kumeneku kwabwera nditaona kale zotsatira.

Pali pomwe sanandisangalatse. Anandikakamiza ndithu kutenga inshuwalansi ya moyo, ndipo mwezi wachisanu ndi chimodzi, nditafunsa mwachindunji, m'pomwe anavomera kuti amalandirapo komishoni, kuwonjezera pa zomwe ndimawalipira ine. Sanakane, koma akanayenera kunena okha tsiku loyamba. Inshuwalansiyo ndi yokwera kuposa yomwe banja langa likufunika. Foni nayo amayankha mochedwa, uthenga wa WhatsApp umatha masiku atatu.

Amene mukufuna mlangizi, funsani komwe anagwirako ntchito asanatsegule ofesi, amamulipira ndani, komanso ngati kampani yake ili ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi. Funso lachiwirili ine ndinalifunsa mochedwa.

Ndipitiriza nawo. Tikumananso mu Epulo, ndipo nkhani yoyamba patebulo ndi yotsitsa inshuwalansi ija.