Maphunziro a madzulo a kayendetsedwe ka milandu ya ku England: ndemanga ya wophunzira

Kampani ina ya maloya ya ku City Centre muno mu Lilongwe imachititsa maphunziro a madzulo kwa anthu amene si maloya, makamaka alembi, owerengera ndalama ndi amalonda amene amasainirana makontrakiti ndi makampani akunja. Makontrakiti ambiri otere amakhala ndi ndime yonena kuti pakabuka kusamvana, nkhani idzaweruzidwa motsatira malamulo a ku England, ndipo ena amatchula makhoti a ku London. Ine ndimasunga makontrakiti pa kampani yotumiza nandolo ndi soya kunja, choncho ndinalembetsa kuti ndizimvetsa zimene abwana anga amasaina.

Gawo loyamba linali la mawu a pakhoti. Mphunzitsi, loya wachikulire wolankhula modekha, anafotokoza kuti milandu yambiri yosakhudza upandu ku England ndi Wales imayendera Civil Procedure Rules, malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 26 April 1999 potsatira lipoti la 1996 la Lord Woolf, woweruza wa ku England, lomwe linadandaula kuti milandu ikuchedwa, ikudya ndalama zambiri, komanso ndi yovuta kuti munthu wamba aitsate. Kuyambira pamenepo wodandaula anasiya kutchedwa plaintiff n'kukhala claimant, chikalata choyambira mlandu chinachoka pa writ n'kukhala claim form, ndipo chiletso chotseka chuma cha munthu, chomwe kale chinali Mareva injunction, tsopano ndi freezing injunction. Izi n'zothandiza kwa amene amawerenga makontrakiti okoperedwa ku akale, koma gawoli linatalika kwambiri chifukwa cha mndandanda wa mawu a Chilatini amene tinauzidwa kuloweza, ambiri mwa iwo osapezekanso m'makalata a masiku ano.

Ndalama zanga ndinaziona pamene tinafika pa nkhani ya masiku. Mlandu usanayambe, wodandaula amayenera kulemba kalata yofotokoza dandaulo lake ndi kupereka mpata wokambirana, ndipo khoti likhoza kumulanga pa ndalama za mlandu ngati anathamangira kukasuma osachita zimenezi. Khoti likadinda claim form, wodandaula ali ndi miyezi inayi yoti aipereke kwa wodandaulidwa, kapena isanu ndi umodzi ngati wodandaulidwayo ali kunja kwa England ndi Wales, monga ife kuno. Wodandaulidwa akalandira tsatanetsatane wa dandaulo amakhala ndi masiku 14 oti ayankhe, ndipo akatumiza chikalata chovomereza kuti walandira, masikuwo amafika 28. Kwa amene ali kunja masiku amawonjezeredwa malinga ndi dziko limene ali. Akakhala chete, mnzakeyo akhoza kupempha chigamulo popanda kumva mbali yake. Mphunzitsi anatsindika kwambiri mfundo imeneyi, ndipo ankanena zoona, chifukwa m'maofesi mwathu kalata yochokera kunja imatha kugona pa desiki kudikira abwana amene apita ku msonkhano ku Salima. Anatchulanso Limitation Act ya 1980, yomwe imapereka zaka zisanu ndi chimodzi zosumira mlandu wa kuphwanya kontrakiti, pamene wovulala amene akufuna chipukutamisozi ali ndi zaka zitatu zokha.

Nkhani ya ndalama anaiphunzitsanso mwaluso. Milandu imagawidwa malinga ndi kukula kwake: yosapitirira mapaundi 10,000 nthawi zambiri imapita ku small claims, kumene munthu angadziyimire yekha ndipo wopambana sabwezeredwa zambiri zimene analipira loya, yofika 25,000 imapita ku fast track, kuyambira October 2023 kuli intermediate track ya milandu yosavuta kwambiri yofika 100,000, ndipo ikuluikulu imapita ku multi-track. Pa dandaulo la pakati pa mapaundi 10,000 ndi 200,000, kungotsegula mlandu kumafuna 5 peresenti ya ndalama zimene mukufuna, loya asanalandire kanthu. Kenako pali lamulo lakuti kawirikawiri woluza amalipira ndalama zimene wopambana anawononga pa mlandu. Apa m'pamene anabweretsa Part 36 ya Civil Procedure Rules, njira imene mbali imodzi imalonjezera ndalama kuti mlandu uthe. Wodandaula akakana lonjezolo, kenako khoti n'kumupatsa zosaposa zimene analonjezedwa, ndiye kuti iyeyo ndi amene amasenza ndalama za mnzake kuchokera pamene nthawi yovomera inatha, yomwe sichepera masiku 21. Anatipatsa chitsanzo chongopeka cha kontena ya nandolo yokanidwa padoko, n'kutiuza tiwerengere tokha, ndipo m'kalasi monse tinaona kuti munthu angathe kupambana mlandu koma n'kubwerera kwawo atasauka kuposa mmene anapitira.

Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti maphunzirowa sanalumikizidwe bwino ndi kwathu kuno. Malamulo a Malawi anachokera ku England kudzera mu lamulo la nthawi ya atsamunda lotchedwa British Central Africa Order in Council la 1902, ndipo khoti lathu lalikulu linkatsatira malamulo akale a ku England otchedwa Rules of the Supreme Court mpaka 2017, pamene linakhala ndi malamulo akeake a kayendetsedwe ka milandu yosakhudza upandu. Mbiri imeneyi ndi imene imasokoneza anthu, chifukwa zinthu zimaoneka zofanana pamene masiku ndi mapepala n'zosiyana, koma mphunzitsi anangoikhudza pang'ono n'kupitirira. Mayi wina wowerengera ndalama atafunsa kuti chigamulo cha ku London chingagwire bwanji ntchito pa katundu amene ali ku Kanengo, anayankhidwa mwaulemu kuti abwere ku ofesi padera, zomwe tonse tinamva kuti ndi ulendo wolipira. Kusiyana kwa solicitor, amene amakonza mlandu, ndi barrister, amene kawirikawiri amayankhula m'makhoti akuluakulu, kunafotokozedwa bwino, ngakhale sanatiuze kuti wochokera ku Malawi, kumene loya mmodzi amagwira ntchito zonse ziwiri, ayembekezere kulipira anthu awiri.

Timabuku timene anatigawira n'takale. Tikunenabe za Queen's Bench, nthambi ya High Court ya ku England, pamene dzinali linasintha kukhala King's Bench mu 2022, mulibe intermediate track, ndipo pa tsamba lina House of Lords ikuoneka ngati khoti lomaliza la apilo pamene ntchitoyi inapita ku Supreme Court mu 2009. Mphunzitsi ankakonza zonsezi pakamwa, koma amene wajomba tsiku limenelo adzawerenga zolakwika. Chipinda n'chaukhondo, magetsi akazima jenereta imalira msanga, koma kalasi imatha kutada, ndipo wodalira minibasi ya ku Area 25 kapena ku Kawale ayenera kukonzeratu za ulendo wake.

Mtengo wa maphunzirowa ndi wokwera kwa munthu wolipira yekha, choncho ndingalimbikitse amene kampani yawo ili ndi makontrakiti akunja kuti apemphe abwana awalipirire. Wophunzira zamalamulo ku yunivesite sapezamo zambiri zatsopano, popeza Civil Procedure Rules zonse zili pa intaneti kwaulere. Musanalipire, funsani ngati timabuku takonzedwanso komanso ngati awonjezera tsiku lofotokoza mmene zigamulo zakunja zimagwirira ntchito m'makhoti a kuno.