Ndinalipira windsurfing, anandilembetsa sukulu ya kaiti

A ofesi yokonza maulendo imene inandikonzera ulendo wa ku South Africa ndawapatsa nyenyezi zitatu. Tsiku limene ndinaima pamchenga wa ku Langebaan pepala lili m'manja ndinalumbira kuti ndikabwerako ndidzawapatsa imodzi, ndipo imodziyonso chifukwa palibe pobaya ziro. Dzina la ofesi sinditchula. Amene munagulako matikiti a ku Joni kwa bwana amene aja mudziwa nokha.

Ine ndimagwira ntchito pa loji ina kunjira ya ku Monkey Bay, ndimayang'anira mabwato ndi zosewerera za pamadzi. Windsurfing, masewera oyenda pamadzi utaima pa bolodi ya thanga lokankhidwa ndi mphepo, ndinaphunzirira pa bolodi yakale imene mlendo wina anatisiyira, thanga lake lili zigamba zokhazokha. Vuto lathu kuno mukulidziwa. Mwera ukayamba mu Meyi timasewera mpaka Ogasiti, manja kuchita matuza, koma ikafika Disembala nyanja imagona tulo, ndipo kamphepo kamene kabwera ndi ka mvula, kosati n'kukadalira. Ndiye ndinayamba kusunga ndalama kuti ndikalaweko nyanja ya mchere pa nyengo imene kuno kuli zii. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimene ndinkaziona ngati za ndege zinasanduka za basi. Dahab ya ku Egypt ndinaiiwala pomwepo. Ku Le Morne ku Mauritius mphepo yawo yabwino imabwera miyezi yomweyo ya mwera, nanga ndilipirenji ndege kukafuna chimene chikuwomba pakhomo panga? Kunatsala Langebaan, makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Cape Town. Kumeneko mphepo imalimba kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, pasipoti yathu imalowa masiku 30 popanda visa, ndipo basi imakufikitsa.

Ndinapita ku ofesiko ndi foni yanga, n'kuwaonetsa bwanawo vidiyo ya ineyo ndili pamadzi, thanga lili m'manja. Sindinathere pomwepo. Ndinawalembera papepala ndi dzanja langa: windsurf, masiku 5, bolodi ya malita 110 kapena 120, matanga a masikweya mita 4.7 ndi 5.3, ndi wetsuit (chovala choteteza ku madzi ozizira). Zida zanga ndinaganiza zozisiya, chifukwa thumba la bolodi ndi lalitali mamita awiri ndi theka, kuwonjezerapo mlongoti, ndipo amene anakwerapo basi ya ku Joni akudziwa mmene katundu amamulongedzera m'ngolo muja. Bwanawo anayang'ana pepalalo kamodzi, n'kulipinda, n'kuliika pansi pa kapu ya tiyi. “Achimwene, izi n'zazing'ono. Ife tatumizapo anthu ku Dubai ndi ku China.” Ndinalipira zonse, kuphatikizapo K95,000 yawo ya ntchito ija.

Ulendo wokha ndilibe nawo mawu ambiri: Wenela, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Park Station, kenako basi ina ya usiku wonse mpaka Cape Town, miyendo itatupa ngati mitanda ya mandasi. Malo ogona anali a mabedi osanjikizana, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda, koma aukhondo, ndipo khitchini inalipo yoti udziphikire.

M'mawa mwake ndinanyamuka ndi pepala limene anandipatsa, kulunjika pa shopu imene inalembedwapo. Nditangolowa mtima unandiuza kuti pali china. Pakhoma panali makaiti okhaokha, zingwe zokulunga, timabolodi tating'ono tonga chitseko cha kabati. Ndinayang'ana kuseri, ndinayang'ana kudenga, mlongoti ngakhale umodzi panalibe. Mayi wa pakauntala anawerenga pepala langa, n'kumwetulira, n'kundiuza kuti andilembetsa maphunziro a kitesurfing a anthu oyamba kumene, masiku atatu, ndiyambe 11 koloko. Ndinati mwina asokoneza dzina. Anatembenuza kompyuta kuti ndidzionere. Dzina langa, nambala ya pasipoti yanga, ndi mawu akuti beginner. Windsurf iwo sabwereketsa n'komwe.

Kwa amene simukudziwa kusiyana kwake, si nkhani yoti ndi masewera apachibale ndiye ungosinthana. Pa windsurf thanga limalumikizidwa ku bolodi, umaligwira ndi manja, mphepo umaimva m'mapewa. Kaiti imauluka m'mwamba pa zingwe zopitirira mamita 20, ndipo woyamba kumene amatha masiku oyambirira ali pamchenga kuphunzira kuiwongolera, kenako kukokedwa chamimba m'madzi, bolodi asanaikhudze. Ine amene ndakhala zaka ndikulimbana ndi mwera, ndayenda masiku atatu pa basi, kuti ndikaime pamchenga ndi chipewa cholimba kumutu ngati mwana wa sitandade wani?

Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti mphepo inabwera. Cha m'ma 12 koloko mbendera za pagombe zinayamba kuwongoka, pofika 2 koloko mchenga unkaluma m'miyendo, madzi atachita timizere toyera mpaka kutsidya. Anthu akutulutsa matanga m'magalimoto, akukoka zingwe, akuthamangira m'madzi. Mdala wina wa imvi, wamkulu kuposa bambo anga, anandidutsa atasenza bolodi pamutu. Ine ndili chiimire ndi pepala.

Ndinawaimbira bwanawo pa WhatsApp. Anayankha kachitatu.

“Aaa achimwene, mwafika bwino? Kukuzizira?”

Ndinawafotokozera modekha, chifukwa ndinali ndisanadye ndipo ndinkadziwa kuti ndikakweza mawu sindisiya.

“Nanga si zonsezo n'za mphepo? Tangokwerani zomwezo, mwinanso muzikonda.”

“Bwana, mutatuma mwana chambo pa msika iye n'kubwera ndi mlamba, mungavomere kuti zonse n'za m'madzi?”

Anaseka. Kusekako ndi kumene sindidzaiwala. Kenako anati netiweki ikuvuta, foni n'kudula. Mauthenga anga asanu ndi awiri anawawerenga onse, timizere tija tinasanduka tabuluu, koma yankho ayi. Madzulo ndinabwereranso kwa mayi uja, ndipo ndi pamene ndinamva kuti chimene anandigulira chinali cha mtengo wotsitsa, chotsika kuposa ndalama imene ine ndinapereka ya masiku 5 a windsurf. Kaya anangolemba mawu akuti surf pa intaneti n'kutola choyamba chotchipa, kaya ankadziwa chimene akuchita, Mulungu ndi amene adziwa. Chimene ndikudziwa ine n'choti pepala langa lija silinachoke pansi pa kapu ya tiyi.

Muziti bwanji osangolipira kwina? Ndi ndalama ziti? Amene munayesapo kupempha ndalama zakunja ku banki masiku ano mukudziwa mmene zimakhalira. Ma rand amene ndinali nawo anali owerengeka, a chakudya ndi a takisi yobwerera ku Cape Town. Ndinakhala masiku awiri ndikuonerera anzanga, ndikudya buledi ndi mazira. Mwayi wake, m'khitchini ya lesitilanti ina pafupi ndinakumana ndi mnyamata wa kwathu konkuno, wa cha ku Namwera, amene atamva Chichewa changa pa foni anandiitanira nsima kunyumba kwake. Anandiseka usiku wonse kuti anthu amabwera kuno kudzasaka ndalama, ine ndabwera kudzataya.

Tsopano chimene chawonjezera nyenyezi ziwirizo. Mu ofesi muja muli mtsikana amene amakhala pakona ndi makina osindikizira. Usiku wa tsiku lachiwiri, cha m'ma 9 koloko, ndinalandira uthenga pa nambala yachilendo. “Ankolo, pepani, ndamva zimene zachitika. Munditumizire chithunzi cha pepalalo.” Anali iyeyo, pa foni yake, ndi bandulo yake. Sindikudziwa anawauza chiyani a sukulu ya kaiti aja, koma pofika 10 koloko m'mawa anali atavomera kubweza ndalama ya masiku awiri mwa atatuwo, ndipo iye anali atapeza malo ena obwereketsa windsurf, atawaimbira, atafunsa ngati ali ndi thanga la 4.7 ndi bolodi ya saizi yanga. Anafunsa ndithu manambala amene ndinalemba aja, kusonyeza kuti pepala langa analipeza n'kuliwerenga. Anasunthanso tikiti yanga yobwerera ndi masiku awiri popanda kundilipiritsa. Ndipo ndikaganiza bwino, ndi yemweyonso amene anandikonzera envulopu ya mapepala, kalata ya malo ogona ndi tikiti yobwerera, zimene anandifunsa pa Beitbridge ndipo ndinangotulutsa n'kudindiridwa osavutika. Ndiye kunena kuti ofesi yonse ndi yachabechabe kungakhale kumulakwira mwanayu.

Ndinasewera masiku atatu m'malo mwa asanu. Atatuwo sindingawagulitse. Kuno ndinazolowera thanga lalikulu chifukwa ndi lokhalo limene tili nalo, ndiye atandipatsa 4.7 ndinaliyang'ana ngati kansalu ka patebulo. Mphindi khumi zoyamba linandinyamula n'kundiponya kutsogolo kwa bolodi, ndinamwa madzi a mchere okwana ndiwo za sabata. Madziwo ndi ozizira, musanamizidwe ndi dzuwa la Januwale, popanda wetsuit simukhalitsamo. China chimene munthu wa kunyanja kwathu sachiganizira ndi choti madzi a kumeneko amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo akamaphwa amakoka. Ukagwa n'kumachedwa kudzutsa thanga, umadzazindikira kuti gombe limene unachokera lili kutali. Anyamata a pamalopo anandiuza nthawi yolowera ndi malire osapitirira, ndipo ndinamvera. Koma bolodi ikangonyamuka n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi, mapazi ali m'malamba, phokoso lokha la madzi kumbuyo, ndinaiwala za bwana uja kwa maola angapo. Panalibenso zoyang'anayang'ana ng'ona kapena mvuu m'bango, kapena maukonde a asodzi.

Amene mukuganiza zoyenda ulendo wonga uwu, basi ndi malo ogona mutha kuwasiyira a ofesiwa, pamenepo sanalakwitse. Koma zida kambiranani nokha ndi obwereketsawo, akutumizireni chithunzi cha bolodi ndi thanga musanatulutse tambala. Funsaninso za inshulansi ya zida, chifukwa mlongoti ukamenya mphuno ya bolodi n'kuswa, ndalama yake ingakudyereni tikiti yobwerera. Ine ndinaimva nkhani imeneyi ndili pakauntala, ndipo inshulansiyo inandidyera ndalama ya chakudya cha masiku awiri. Harness, lamba wa m'chiuno wokolekera ku thanga, tengani yanu, imalowa m'chikwama.

Nditabwerako ndinapita ku ofesiko ndisanafike n'kunyumba komwe. Mtsikana uja ndinamupatsa kabokosi ka tiyi wa rooibos, anachita manyazi mpaka kubisa nkhope. Bwanawo anatuluka manja ali m'mwamba. “Mwaona achimwene? Si tinakonza?” Tinakonza. Mawu oti pepani sanatuluke. Ndinawakumbutsa kuti pakati pa ndalama imene ndinalipira ndi zimene ndinalandira pali masiku awiri amene sindinasewere, ndipo ndinawawerengera papepala lina pamaso pawo. Anati n'zomveka, ndibwere Lachisanu. Lachisanu limenelo anali kumaliro. Lotsatira lake anali ku Blantyre. Mawa ndi Lachisanu lachitatu, ndipo ndapempha kale njinga ya mnzanga.