Chakudya chopanda nyama kwa mwana wochira matenda okana kudya: mmene zatiyendera kuno ku Dedza

Dzinja lapita, chisanu cha Juni chadutsanso, mwana wanga wamkazi akutsatabe dongosolo la chakudya chopanda nyama lomwe tinagwirizana ndi achipatala. Layenda bwino, koma si lophweka, komanso si lotchipa monga anthu amaganizira.

Mwanayu ali ku sekondale. Anamupeza ndi anorexia nervosa, matenda amene munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa ngakhale thupi likutha. Achipatala asanavomere zoti apitirize kusadya nyama, anafunsa kuti anaisiya liti komanso chifukwa chiyani. Funsoli ndi lofunika kwambiri. Mwana wa m'banja la Seventh Day lomwe silidya nyama chiyambire ndi wosiyana ndi amene wayamba kunena kuti "sindidya nyama" mwezi womwewo wayamba kuchepetsa nsima. Wachiwiriyo kawirikawiri amakhala akubisa matenda. Wathu anaisiya ali ku pulayimale, ataona mbuzi ikuzingidwa pa chinkhoswe, choncho anamulola. Koma panali pangano: mazira, mkaka ndi mafuta sizichoka. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsidwa kusikelo, gulu la zanyama silinafafanizidwe, linangotsala ndi mazira ndi mkaka.

Vuto lalikulu miyezi yoyamba linali kukhuta msanga. Nyemba, nkhwani, mpiru ndi nsima zimadzaza mimba mphamvu zisanakwane, pomwe mimba ya munthu amene wakhala akudzimana imagaya pang'onopang'ono. Ankadya theka n'kuyamba kudandaula kuti mimba yatupa, ndipo sikuti ankanama. Chinatithandiza ndi kuchepetsa kukula kwa mbale n'kuwonjezera mphamvu m'kati mwake. Masamba onse ndimatendera nsinjiro. Nyemba ndimaziviika, kuchotsa makoko n'kuphika chipere, chifukwa choncho sizimupatsa mpweya wambiri. M'mawa ndi phala la Likuni lothira mkaka ndi chiponde, pakati pa zakudya peyala kapena mtedza wokazinga. Mbatata ya kachewere ndiye kuno sitisowa, ya ku Bembeke kapena ya pa Lizulu, ndipo ndimaikazinga, osati kungowiritsa.

Nkhondo yeniyeni inali pa mafuta. Ankaima pakhomo la khitchini, maso ali pa botolo, n'kumati, "Amayi, achuluka amenewo." Ine ndinkangoyankha kuti, "Ndi mankhwala ako awa, mwanawe," n'kupitiriza kuthira. Apa m'pamene ndinaphunzira kusiyanitsa chifundo chake pa ziweto ndi mawu a matenda. Palibe mbuzi imene imafa chifukwa cha mafuta a mpendadzuwa. Akakana chinthu chomwe sichinachoke ku nyama, ndimadziwa kuti akulankhula ndi matenda, ndipo pamenepo sitikambirana.

Nyama ya soya ya m'mapaketi ndi yabwino pa mtengo, imathandizanso pa zomanga thupi, koma payokha ilibe mafuta okwanira. Yophika ndi madzi ndi tomato basi siifika patali.

Za magazi ndiye zofunika kusamala. Ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, akakhala wa mu nyemba ndi masamba thupi silimulandira mosavuta ngati wa mu nyama. Tiyi amatsekereza, pomwe zipatso monga malalanje ndi magwafa zimathandiza, choncho tiyi tinamusuntha kuti asamakumane ndi nthawi ya nsima. Vitamini B12 sapezeka mu nyemba kapena masamba, n'chifukwa chake sindingalimbikitse kholo lililonse kulola mwana wochira kusiyanso mazira ndi mkaka. Achipatala anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi kwa kanthawi. Msambo, umene unali utasiya, unabwerera, ndipo namwino anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino pa mafupa ake. Manja ake, amene ankangokhala ozizira, asintha ngakhale m'chisanu cha kuno.

Agogo ake mpaka lero amati usipa si nyama, ndipo amamubweretsera m'kapepala. Kunena zoona ali ndi mfundo, usipa wodya ndi minga yomwe ukanatipeputsira zambiri. Mwiniwake sanavomerebe.

Zoipa za dongosololi ndi ziwiri. Mazira ndi mkaka tsiku lililonse zimadya ndalama kuposa nyama ya kamodzi pa sabata imene tinazolowera. Chachiwiri ndi kunja kwa nyumba. Pa maliro, pa ukwati, kapena kwa anzake, mawu oti "sindidya nyama" amamupatsa njira yachidule yodyera mtanda umodzi ndi kabichi, ndipo palibe amene amadabwa. Tsopano sachoka pakhomo opanda mazira owiritsa ndi mtedza m'chikwama, ndipo za sukulu yogonera komweko taziimika kaye.

Amene mwana wanu wafooka kwambiri, musayambe kumudyetsa mwamphamvu panokha kunyumba. Thupi lomwe lakhala nthawi yaitali ndi njala likalandira chakudya chochuluka mwadzidzidzi, mchere wina wa m'magazi umatsika, mtima n'kusokonezeka. Yambani ku chipatala, ndipo pemphani kuonananso ndi a zamaganizo, chifukwa mbale yokha siichiza matendawa.

Chomwe chatsala kwa ife ndi majarini pa buledi, amene amamupalabe ndi mpeni ndikatembenuka. Achipatala ananena kuti sikelo ikaima pa ulendo wotsatira, nsomba zilowa mu dongosolo, ndipo iye anavomera pamaso pawo.