Afriski kapena Oukaïmeden: kokayesera ski osachoka mu Africa

Munthu wokulira ku Malawi amadziwa chisanu cha mu Juni ndi mphepo ya chiperoni, koma sinowo, amene ena amamutcha chipale chofewa, ambirife timangomuonera pa kanema. Ngakhale pa nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi yotalika mamita 3,002, madzi amatha kuundana usiku koma potsetserekera palibe. Wofuna kuyesa masewera a ski, otsetsereka pa sinowo ndi timatabwa tiwiri tatitali tomangirira ku mapazi, osapita ku Ulaya ali ndi malo awiri oti awaganizire: Afriski, ku mapiri a Maluti m'dziko la Lesotho, ndi Oukaïmeden, ku mapiri a Atlas m'dziko la Morocco. Onse ndi ang'onoang'ono, ndipo onse amafika pamwamba kuposa Sapitwa. Kusiyana kwawo kwagona apa: kwina kuli sinowo wodalirika koma kulibe mudzi, kwinako kuli mudzi weniweni koma sinowo wake ndi wa mwayi.

Tiyambe ndi nyengo, pakuti ndiyo imalamula ulendo wonse. Ku Afriski amatsetsereka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, miyezi yomweyo imene kwathu timavala majuzi. Vuto ndi lakuti ku Lesotho, monganso kwathu, mvula imagwa m'miyezi yotentha ndipo miyezi yozizira imakhala youma, kotero sinowo wachilengedwe amabwera mwa apo ndi apo. Eni malowo amadalira makina amene amapopera madzi mumpweya usiku kukazizira kwambiri, ndipo timadontho timaundana tisanafike pansi. Zotsatira zake zimadabwitsa wofika koyamba: mzere umodzi woyera, wotalika pafupifupi kilomita imodzi, utagona pa phiri la udzu wouma wofiirira. Sizokongola ngati pa zithunzi za ku Switzerland, koma munthu amene walipira ulendo amafika n'kupeza poterera.

Ku Oukaïmeden nyengo yake ndi ya kumpoto, makamaka Januwale mpaka Malichi, ndipo kumeneko zonse zimadikira kumwamba. Sinowo akagwa bwino, phiri lonse limayera, njira zotsetserekera zimakhala zambiri ndiponso zazitali kuposa za ku Lesotho, ndipo chingwe cha mipando yokweza anthu chinamangidwa mpaka kupitirira mamita 3,200. Akapanda kugwa, monga zakhala zikuchitikira m'zaka za chilala zimene Morocco wadutsamo posachedwapa, pamatsala miyala ndi matope, ndipo mipandoyo imangolendewera. Kugula tikiti ya ndege miyezi itatu pasadakhale chifukwa cha phiri limeneli ndi kutchova njuga.

Pa nkhani ya kayendedwe, amene amakhala ku Johannesburg kapena Pretoria sangavutike kusankha. Ulendo wa pa galimoto kupita ku Afriski umatenga pafupifupi maola asanu: mumadutsa chigawo cha Free State mpaka ku Fouriesburg, kulowa m'Lesotho pa chipata cha Caledonspoort, kudutsa tauni ya Butha-Buthe, kenaka kukwera zitunda zokhotakhota za Moteng mpaka kufika pa chitunda cha Mahlasela, pamene pali Afriski. Msewu ndi wa tara, magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo ndalama ya rand imalandiridwa mofanana ndi loti ya dzikolo. Pasipoti ndi yofunika, ndipo chipata cha Caledonspoort sichikhala chotsegula usiku wonse, choncho wonyamuka mochedwa akhoza kugona kunja kwa malire. Chinanso choyenera kuchiopa ndi madzi oundana pa tara m'mamawa, amene saoneka ndi maso koma amatha kuzunguza galimoto pa ngodya. Oukaïmeden ali pafupi kwambiri ndi mzinda, makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Marrakech kudzera m'chigwa cha Ourika, ndipo ambiri amabwereka takisi yopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Koma kuti munthu wochokera ku Lilongwe kapena Lusaka afike ku Marrakech, pamafunika ndege zingapo ndi chilolezo cholowera m'dzikolo, ndipo apo ndi pamene ndalama zambiri zimathera. Achewa a ku Britain nkhani yawo ndi ina, pakuti kuchokera ku London ndege imafika ku Marrakech m'maola osakwana anayi.

Kumene malo awiriwa amasiyana kwenikweni ndi pa anthu amene mumakumana nawo. Afriski si mudzi; ndi nyumba za alendo, malo odyera ndi sitolo yobwereketsa zida, zomangidwa pa malo amene kale kunkangodutsa abusa. Midzi ya Basotho mumaiona m'njira, pamodzi ndi anyamata odzikuta mabulangete ataima pambali pa nkhosa zawo ndi amuna okwera timahatchi ta m'mapiri, koma mukalowa pa chipata mumakhala pakati pa alendo anzanu, ambiri ochokera ku South Africa. Ubwino wake ndi dongosolo. Mitengo ndi yolembedwa, nsapato amakuyezani kuti zikukwaneni, aphunzitsi amayankhula Chingerezi, ndipo pali kamtunda kapadera ka ongoyamba kumene. Munthu wa zaka makumi anayi amene sanapondepo sinowo amafunikira zimenezi, chifukwa tsiku loyamba limathera pa kuphunzira kuima, kugwa mosavulala, ndi kulozetsa nsonga za ski mkati kuti liwiro lichepe.

Oukaïmeden ndi mudzi wa anthu a mtundu wa Amazigh, womangidwa pa mamita pafupifupi 2,600, ndipo moyo wake sunayambe ndi ski. Dambo lake ndi busa la makolo limene amalitseka miyezi ingapo kuti udzu uphuke, kenaka n'kulitsegula mu Ogasiti kuti mabanja akwere ndi ziweto zawo. Pa miyala yozungulira pali zithunzi zogoba za nyama ndi zida, zimene zakhalapo zaka zikwi zingapo, ndipo pamwamba pake pali nyumba younikira nyenyezi ya yunivesite ya Cadi Ayyad. Tsiku la sinowo, anthu a m'mudzimo amayala ma ski, nsapato ndi timatabwa totsetserekera m'mbali mwa msewu, ena amakoka nyulu zonyamula ana, ena amaphika tajine, ndiwo zophikidwa mu mphika wadothi, pa makala ndi kuthira tiyi wa timbewu tonunkhira. Mtengo ndi wokambirana, ndipo amene anazolowera kunenerera ku msika wa Limbe sangachite chilendo, kupatula kuti zokambiranazo zimayenda m'Chifalansa, m'Chiarabu kapena ndi manja. Zida zambiri ndi zakale, choncho ndi bwino kuyang'anitsitsa zomangira nsapato musanalipire, pakuti chomangira chimene sichimasuka munthu akagwa ndicho chimapotola bondo. Dera limeneli lili m'chigawo cha Al Haouz, chomwe chinakanthidwa ndi chivomerezi cha pa 8 Seputembala 2023, ndipo ndalama imene mlendo amasiya kwa wobwereketsa zida kapena wophika imalowa m'manja mwa mabanja a kumeneko.

Kutalika kwa mapiri kumakhudza thupi mosiyana pa maulendo awiriwa. Wochokera ku Johannesburg amakhala atazolowera kale mamita pafupifupi 1,750, kotero kukwera ku Afriski sikumudzidzimutsa kwambiri, ngakhale usiku woyamba mutu umatha kuwawa. Marrakech ali pansi pa mamita 500, ndiye wokwera ku Oukaïmeden amalumpha mamita oposa 2,000 m'maola awiri okha, ndipo befu amamupeza atangoyenda pang'ono. Konse kuwiri dzuwa limanyezimira pa sinowo mopweteka maso, choncho magalasi akuda ndi magolovesi osalowa madzi si zodzikongoletsera.

Maganizo anga ndi akuti amene cholinga chake ndi kuphunzira ski, ndipo ali kum'mwera kwa Africa, apite ku Afriski, asungitse malo ogona msanga, ndipo ngati angathe apewe kumapeto kwa sabata ndi tchuthi cha sukulu cha mu Julayi, pamene kamzere koyera kaja kamadzaza ndipo mizere ya pa chingwe chokokera anthu imatalika. Masiku atatu ndi okwanira kuti munthu atsike yekha kuchokera pamwamba. Oukaïmeden sindingamuyendere ulendo wa ndege payekha, koma amene ali kale ku Marrakech mu Febuluwale angochita chinthu chimodzi m'mawa: akwere padenga la nyumba imene wagona, ayang'ane kum'mwera, ndipo akaona mapiri ayera mpaka m'munsi, akafunefune takisi dzuwa lisanakwere.