Land Rover yakale ikamawira: fani ya lamba kapena ya magetsi, redieta ya mkuwa kapena ya aluminiyamu?

Aliyense wosunga Land Rover Series III, zija zinapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, amaudziwa muvi wa geji ya kutentha kuposa nkhope ya mlamu wake. Yanga ndi ya petulo, injini ya malita 2.25, ndipo idandiwirirapo pakati pa chitunda chochokera pa Thabwa kukwera ku Blantyre, mwezi wa Novembala, dzuwa la ku Chikwawa likuswa mtengo. Malangizo amene ndidalandira tsiku limenelo anali amodzi: ikani fani ya magetsi, gulani redieta ya aluminiyamu. Ndidayesa zonsezo, ndipo sindikugwirizana nawo kwathunthu.

Fani imene galimotoyi idabwera nayo ndi yachitsulo, yomangidwa pa pampu ya madzi, ndipo imazunguzidwa ndi lamba. Injini ikalira kwambiri, faniyo imakoka mphepo yambiri. Injini ikangokhala pa sailensi, nayo imazungulira mwaulesi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pokwera chitunda pa giya yachiwiri, galimoto itasenza matumba, liwiro limakhala lochepa koma injini ikubangula, ndiye faniyi imagwira ntchito kwambiri pa nthawi yeniyeni imene ikufunika. Mukaima pa mdipiti wa magalimoto mu Limbe masana, m'pamene imafooka. Komanso imadya mphamvu ya injini ngakhale m'mawa wa Juni kukuzizira, ndipo imasokosa.

Fani ya magetsi ndi yosiyana: liwiro lake ndi limodzi, injini ilire kapena isalire, ndipo imayaka yokha swichi yomva kutentha ikaiuza. M'tauni imapambana, palibe kutsutsa. Ngakhale opanga magalimoto adaona zimenezi. Jaguar E-Type idatuluka ndi fani ya magetsi mu 1961, ndipo pofika Series 2 mu 1968 adaikamo ziwiri. MGB nayo idasiya ya lamba pa magalimoto a 1977. Koma taonani kuti amenewa ndi magalimoto othamanga pa phula, pomwe mphepo imadzilowera yokha kutsogolo. Si okoka ngolo m'matope.

Vuto lake pa galimoto yakale ndi magetsi. Fani yamphamvu ndithu imafuna ma amp 15 kapena 20, ndipo poyaka imakoka oposa pamenepo. Alternator (chopangira magetsi otchaja batire) ya Lucas 16ACR imene ili m'magalimoto ambiri a ku Britain a zaka zimenezo imatulutsa ma amp 34 basi. Dayinamo ya C40, imene imagwira ntchito yomweyo mu Land Rover yakale kwambiri ya Series IIA, imatulutsa 22. Yatsani nyali ndi mawaipa usiku wamvula, faniyo nkuyakanso, batire layamba kudyedwa. Ndiye wogula fani aziwerengeranso alternator yokulirapo, relay, fyuzi ndi waya wokhuthala. Ine ndidaumira, ndidalumikiza ndi waya woonda, ndipo fyuzi idapsa osandiuza. Lamba akaduka mumamva ndipo nyali yofiira imayaka, koma fani ya magetsi imafa mwakachetechete, mumangoona nthunzi.

Mukasankhabe ya magetsi, ya kumbuyo kwa redieta yokoka mphepo ndi yabwino kuposa ya kutsogolo yokankha, chifukwa ya kutsogoloyo imatchinga mphepo mukamathamanga. Ndipo musaimangirire ndi timapulasitiki tolowetsa m'zipsepse za redieta, chonde. Pa msewu wa mabampu timacheka timapaipi. Pangitsani mabulaketi. Ubwino umodzi umene sindingaukane: powoloka mtsinje mutha kuizimitsa, pamene yachitsulo ikamenya madzi imatha kupindika nkung'amba redieta.

Pakati pa ziwirizi pali ya viscous, yozunguzidwa ndi lamba koma yokhala ndi kilatchi ya mafuta a silicone imene imagwira mpweya wochokera mu redieta ukatentha. Land Rover yokha idaika imeneyi pa injini ya 200Tdi. Ndi yanzeru, koma pa Series III imafuna malo ndi zitsulo zosula, ndiye ndingoidutsa. Anzathu a Peugeot 504 ali ndi yawo ya maginito yodzigwira yokha, ngakhale zambiri zimene ndaziona zidamangidwa kale kuti zizingozungulira osaima.

Tsopano redieta, pomwe ndalama zambiri zimatayika. Mkuwa umapititsa kutentha bwino kuposa aluminiyamu, pafupifupi 400 poyerekeza ndi 237 pa muyeso umene akatswiri amagwiritsa ntchito. Nanga bwanji ya aluminiyamu imatchuka? Chifukwa redieta ya mkuwa si mkuwa wokhawokha: timapaipi take ndi ta brass, ndipo zipsepse zidamatidwa ndi mtovu, umene supititsa kutentha bwino. Ya aluminiyamu ili ndi timapaipi totakata, kawirikawiri inchi imodzi pomwe ta mkuwa ndi theka la inchi, choncho mizere iwiri imagwira ntchito ya mizere itatu kapena inayi, mphepo nkumadutsa mosavuta. Ndi yopepukanso.

Koma amene amati "nditaika ya aluminiyamu zonse zidatha" amaiwala chimene adachotsa. Adachotsa redieta ya zaka 40, yodzaza dzimbiri ndi zoyera zija zimasiyidwa ndi madzi a pa mjigo, timapaipi tina titatsekeka kalekale. Akadaika mtima watsopano wa mkuwa (timapaipi ndi zipsepse) m'matanki akale omwewo, akadaimba nyimbo yomweyo. Kuyesa kwake n'kosavuta: injini ikatentha, izimitseni, muyendetse dzanja pa redieta. Pozizira ngati pamwala m'pomwe madzi sakudutsa.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka tsiku limene mwala waboola. Ya mkuwa, amisiri a maredieta a pa msika uliwonse waukulu amaimata ndi mtovu inu mukumwa tiyi. Ya aluminiyamu imafuna wowotcherera wa makina a TIG, ndipo mukakhala ku Nsanje kapena ku Chitipa mudzamufuna mpaka kutopa. Imadananso ndi madzi osathira coolant, makamaka pa injini yachitsulo ngati iyi, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikakhala m'madzi amodzi, aluminiyamu ndi amene amadyeka. Nazonso zotchipa zoitanitsa pa intaneti nthawi zina mabowo ake sagwirizana ndi a galimoto.

Pali tinthu titatu totchipa timene timachita zambiri kuposa zonse ndatchulazi. Chivindikiro cha redieta: chimapanikiza madzi, ndipo psi iliyonse (muyeso wa kupanikizako) imakweza powirira madzi ndi pafupifupi digiri imodzi ndi theka, ndipo ku Blantyre, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri 97, osati 100. Chivindikiro cha labala yong'aluka chakulandani kale madigiri oposa khumi. Chachiwiri ndi chigoba chozungulira fani, chimene amakaniko amakonda kuchitaya poti chimavuta pomanga lamba. Popanda chimenecho fani imangotakasa mpweya wa m'mbali m'malo mokoka wodutsa mu redieta. Chachitatu ndi thermostat, kavalavu kotsegulira madzi njira yopita ku redieta injini ikatentha. Chizolowezi chathu chomaichotsa sichichiza kanthu. Pa injini iyi pali ya madigiri 74 ndi ya 82. Kuno kotentha ikani ya 74 ngati mukufuna, koma ikhalemo.

Yanga lero ili ndi redieta ya mkuwa ya mtima watsopano, fani yake yachitsulo ndi chigoba chimene ndidachipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale. Aluminiyamu ija ndidagulitsa kwa mnzanga wa Datsun amene satuluka m'tauni, ndipo sadandaula. Kafani ka magetsi ndidakasiya kutsogolo, pa swichi ya pamanja. Ndimakayatsa pa mdipiti wa mu Limbe pokha, ndipo pa Thabwa sindikakhudza.